Curriculum ya za chilengedwe: mwini wake ndani, a director kapena ophunzitsa?

Funso lachokera kwa mayi wina wophunzitsa pa koleji ina yaing'ono yomwe si ya boma ku Salima. Mwachidule akuti: "Koleji yathu ikufuna kuyambitsa dipuloma ya za chilengedwe. A director, omwenso ndi eni ake a koleji, abweretsa curriculum yomwe aitenga pa intaneti, ya yunivesite ina yakunja, akuti tingosintha dzina ndi logo tisayine, ana ayambe semesita ikubwerayi. Ine andiika mu komiti ya curriculum koma pantchito ndangotha zaka ziwiri. Kodi mphamvu pa nkhani ngati iyi ndi ya ndani? Ndikakana kusayina sandichotsa ntchito? Nanga titati tilembe yathuyathu, tiyambire pati?"

Achemwali, nditawerenga ndayamba ndaseka kaye, osati kukusekani inu ayi, koma nkhani yake ndi yomwe ija, ine yandipezapo kawiri konse pa zaka zomwe ndagwira choko. Ndakhalapo HOD, mkulu wa dipatimenti, ndakhalapo mu senate mpaka kudziwa mpando womwe umagwedera, ndiye ndikuyankhani ngati mnzanu wa ntchito amene anangofulumira kubadwa. Yankho lalifupi ndi lakuti musasayine. Koma kukana kwake kukhale kokhala ndi pepala kumbuyo, chifukwa pa koleji wolalata pakhonde sapambana, amapambana ndi uja nkhani yake yalowa m'maminitsi. Ndifikako kumeneko, ndiyambe ndi za mphamvu zomwe mwafunsazo.

Mukatenga mayunivesite a boma, kaya LUANAR, kaya Mzuni komwe kuli faculty ya Environmental Sciences, kaya MUST ku Thyolo, malamulo omwe anawakhazikitsa amagawa mphamvu pawiri. Kuli khonsolo, iyo imaona za ndalama, nyumba, fizi, kulemba ndi kuchotsa anthu ntchito. Ndiye kuli senate, wapampando wake ndi Vice Chancellor, mumakhala ma dean, ma professor ndi oimira ophunzitsa, ndipo imeneyi ndiyo imagamula za maphunziro, tiphunzitse chiyani, alowe ndani, wakhoza ndani, pepala tipereke kwa ndani. Curriculum imabadwira pansi penipeni mu dipatimenti, imakwera ku bodi ya faculty komwe dean ndiye amakhala pampando, ikapsa kumeneko imapita ku komiti ya senate yoona za makosi, kenako senate yonse. Khonsolo imabwera kumapeto ndipo funso lake lalikulu ndi limodzi, ndalama zake zilipo? Ikhoza kunena kuti chaka chino ayi, thumba labooka, ndipo palibe angaitsutse. Chomwe siyenera kuchita ndi kutenga cholembera n'kufufuta kosi ya Limnology, ya za madzi a m'nyanja ndi m'mitsinje, chifukwa choti wapampando sakudziwa kuti n'chinyama chanji.

Pa koleji ya munthu ngati yanuyo mayina amasintha, ena amati Academic Board, ena Academic Committee, koma kagawidwe kake kayenera kukhala komweko. A director ndi eni ndalama, palibe akukana, mwina anachita kutenga ngongole ku banki kuti makalasiwo aime, ndipo ali ndi ufulu wonse kunena kuti ine ndikufuna dipuloma ya za chilengedwe poti ana oifuna alipo. Apo ali m'munda mwawo. Koma zoti mu dipulomamo mukhale chiyani, umenewo ndi munda wa inu ophunzitsa. Vuto la timakoleji tathuti ndi lakuti munthu mmodzi yemweyo ndiye mwini, ndiye wapampando wa bodi, ndiye principal, akazi awo ndiwo registrar, mlamu ali ku akaunti, ndiye mukati nkhani ipite ku Academic Board mumangotuluka khomo ili n'kulowa khomo ilo, nkhope zomwezo. Choncho choyamba kupempha, mwaulemu ndithu, ndi ma statutes, malamulo oyendetsera koleji yanu, kapena mapepala omwe anapita ku NCHE, bungwe la boma loyang'anira maphunziro apamwamba, polembetsa. M'menemo muli makomiti onse omwe iwo eni anasayinira. Kawirikawiri mupeza kuti pa pepala zonse zili bwinobwino, Academic Board ilipo, mamembala analembedwa, kungoti chikhazikitsireni sinakumanepo. Simukuukira munthu apa, mukungopempha kuti chomwe analonjeza okha chichitike.

Ena amaona ngati zoti ophunzitsa akhale ndi mawu pa zophunzitsa ndi matama a anthu a masukulu. Koma okumbukira 2011 akudziwa kuti ku Chancellor College makalasi anaima miyezi yambirimbiri, lecturer wina ataitanidwa ndi mkulu wa apolisi kukafunsidwa za chitsanzo chomwe anapereka m'kalasi. Mkangano wonse uja mutu wake unali womwewu, ndani ali ndi mawu pa zonenedwa m'kalasi. Yanuyi ndi yaing'ono poyerekeza koma mbewu yake ndi imodzi.

Tsopano pali wachitatu yemwe a director mwina akumuiwala dala. NCHE, yomwe inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, imachita zinthu ziwiri zomwe anthu amakonda kuzisakaniza, kulembetsa koleji ndi kuvomereza pulogalamu, accreditation ija. Koleji kukhala yolembetsedwa sindiye kuti chilichonse chomwe yalota usiku chavomerezeka. Pulogalamu imayenda ulendo wakewake, amatumiza akatswiri kudzaona, ndipo akatswiriwo ndi anthu ngati ife tomwe, ophunzitsa a m'mayunivesite omwewa, oti curriculum yokopera amainunkhiza asanafike tsamba lachitatu. Amafunsa kuti polemba munacheza ndi ndani, maminitsi a dipatimenti ali kuti, mabuku ali kuti, ophunzitsa ali ndi mapepala anji, ndipo mu labu amalowamo, makabati amatsegula. Zikakanika wolira si a director. Wolira ndi mwana wa mayi wogulitsa usipa pa Kamuzu Road, amene walipira fizi zaka ziwiri kenako pa interview akumuuza kuti pulogalamu yako sikupezeka pa mndandanda. Ndipo wina asakunamizeni kuti tingodzera ku TEVETA, bungwe la maphunziro a ntchito zamanja, n'kosavuta, nako kuli mafomu ake ndi oyendera ake, sikothawirako.

Za curriculum ya pa intanetiyo, chikomekome cha mkuyu. Pa koleji ina yomwe sinditchula anatipatsapo chikalata chotere, chonenepa, matebulo okongola, chikuto chonyezimira. Tinakhala anthu asanu mu staff room masana a mu Okutobala, magetsi atathima, fani ili duu, aliyense akudzikupiza ndi tsamba lake. Mnzathu wina wa za nthaka, munthu wosayankhulayankhula, anangoti "tatsegulani pa kosi ya malamulo". Kutsegula, mutu uliwonse ndi malamulo a dziko la eni akewo, mpaka dzina la bungwe lawo loteteza chilengedwe wokoperayo analisiya momwemo. Kutsogolo pang'ono kunali masabata awiri athunthu ophunzira za mchere womwe amawaza m'misewu kukagwa chipale ndi momwe umaonongera mitsinje. Mchere wa mumsewu! Ife kuno mchere ndi wa mu ndiwo. Tinafufuza chikalata chonse, mawu oti makala mulibe, moto wolusa m'tchire mulibe, nsomba zikutchulidwa kamodzi. Tinaseka mpaka misozi koma kunena zoona zinali zomvetsa chisoni, chifukwa pakanapanda mkulu uja enafe tikanasayina tisanawerenge, njala inali itatipweteka ndipo alawansi ya mkumano amapereka mukasayina.

Sindikuti musayang'ane za ena. Kuyerekeza ndi mapulogalamu ena n'kofunika ndipo odzayendera adzakufunsani. Koma yambani ndi apafupi. Natural Resources College (NRC) ku Lilongwe, yomwe pano ili pansi pa LUANAR, Malawi College of Forestry and Wildlife ku Dedza, Malawi College of Fisheries ku Mpwepwe ku Mangochi, amenewa akhala akutulutsa ana a masatifiketi ndi madipuloma kwa zaka zambiri. Dzifunseni kuti iwo akuphunzitsa kale chiyani, nanga ife a ku Salima tikubweretsa chiyani chomwe kulibe. Ngati yankho ndi lakuti palibe, ndi bwino mudziwiretu pano.

Poyambira ndiye apa, ndipo apa ndikhalitsapo. Musayambe ndi mndandanda wa makosi. Aliyense amayambira pamenepo ndipo ndewu imabadwira pomwepo, chifukwa munthu aliyense amabwera ndi kosi yomwe anaikonda ali ku sukulu. Yambani ndi mwana amene wamaliza, Lolemba lake loyamba pantchito, bwana akumupatsa chiyani m'manja? Tengani kope, inu ndi anzanu awiri, masabata awiri akwana. Pitani ku khonsolo ya boma la Salima mukacheze ndi EDO, mkulu woona za chilengedwe pa bomapo, a Forestry ndi a Fisheries. Pitani ku Senga Bay, ku malo osungira nyama a Kuti, kwa oyang'anira nkhalango ya Thuma, ku Salima Sugar, ku solar ya JCM ya 60 MW ija inayamba kugwira ntchito mu 2021. Mukapeza thiransipoti kwerani M5 mpaka ku Nkhotakota mukaonane ndi a African Parks omwe akuyendetsa nkhalango ya kumeneko kuyambira 2015, mupitirire ku Dwangwa kwa a Illovo ndi a Ethco. Musawapatse fomu yodzaza, amangochonga paliponse kuti muchoke msanga. Khalani nawo pansi muwafunse chinthu chimodzi, mwana wa dipuloma mukamulemba ntchito, chomwe chimakunyansani kuti sadziwa n'chiyani? Lembani tsiku, ofesi, ndi zomwe anena, kope limenelo ndiye umboni wanu mawa.

Ine pa maulendo otere zomwe ndakhala ndikumva ndi zitatu zomwezomwezo, mwanayu satha kulemba lipoti lomveka, satha kutenga ma coordinate n'kutulutsa mapu, ndipo akaima pamaso pa amfumu amangoti kakasi kapena amayamba Chizungu. Palibe bwana anandidandaulirapo kuti mwana wanu sadziwa kutanthauzira ozone layer. Ndiye makosi azichokera m'madandaulo amenewa. Ngati akakhala pa ntchito yoyendera mapulojekiti, adziwe Environment Management Act ya 2017, adziwe kuti MEPA, bungwe la boma loteteza chilengedwe, ndi ndani, ndipo ESIA yeniyeni, lipoti lounika momwe pulojekiti ikhudzire chilengedwe ndi anthu, aigwirepo ndi manja, aiwerenge, apeze pomwe wolemba ananamapo. Ngati akakumana ndi njinga za makala zotsika ku mapiri mbandakucha, adziwe Forestry Act ya 1997 ndi momwe anaisinthira mu 2020 kuti zilango zikule, komanso adziwe kuti VNRMC, komiti ya m'mudzi yoyang'anira zachilengedwe, imasankhidwa bwanji ndipo imafa bwanji. Kunyanja kuli lamulo la za usodzi la 1997 ndi ma BVC ake, makomiti a pagombe oyang'anira usodzi. Ku Nkhotakota anasamutsirako njovu pafupifupi 500 mu 2016 ndi 2017 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete, nkhalango yake ndi ya ma square kilomita pafupifupi 1,800, ndiye nkhani ya mpanda, minda ya anthu ozungulira ndi mpasa wa mu Bua si ya m'buku, ili pakhomo panu. Madzi osefukira a ku Dwangwa mu 2024 ndi kukwera kwa nyanja komwe kunalowa m'malo ogona alendo chaka chomwecho, kosi ya ngozi zogwa mwadzidzidzi ikufunanso chitsanzo china chanji? Za mapu musadandaule ndi mapulogalamu odula, QGIS ndi yaulere, ndipo foni zomwe anawo ali nazo zimatenga ma coordinate okwanira pophunzirira.

Kosi imodzi yomwe ndingaimenyere nkhondo mpaka mawu kutha ndi yoyankhula ndi anthu akumudzi, ndipo mayeso ake akhale apakamwa, m'Chichewa, wodziwa Chiyao kapena Chitonga awonjezere. Mwana aime kutsogolo afotokoze chifukwa chake sitilima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa Linthipe, osatchula liwu la Chizungu ngakhale limodzi, wina akhale ngati nyakwawa azimufunsa kuti nanga ana anga adya chiyani. Anzanu mu komiti adzati zimenezo si za sayansi. Asiyeni anene, inu muwatsegulire kope lija.

China chomwe curriculum yokopera singakupatseni ndi kalendala. Za chilengedwe zimayenda ndi nyengo, ndiye kosi kuiika semesita yolakwika ndi kuipha. Zoyeza madzi panyanja musaziike nthawi ya mwera, cha mu Juni mpaka Ogasiti, bwato simulipeza ndipo ngakhale mulipeze simungaikemo ana a eni. Za kukokoloka kwa nthaka zimafuna dzinja, ana aone okha madzi a mu Linthipe atafiira, atunge m'botolo, alisiye usiku, m'mawa ayeze matope omwe akhala pansi. Za moto wa m'tchire ndi za Seputembala ndi Okutobala. Za nazale ya mitengo ziyambe mvula isanagwe kuti mbande zikwane kubzala. Mukamakonza tebulo la masemesita, pambali pake pakhale kalendala ya mvula ndi mphepo, osati ya maholide yokha.

Ndipo muli ndi mwayi wa Mbenji. Chilumba chija, m'dera la Senior Chief Makanjira, anthu akhala akuchitseka ndi kuchitsegula okha kuyambira zaka za m'ma 1950, nthawi ya dzinja palibe woponya ukonde, mowa ndi juga n'zoletsedwa, ndipo anthu ochokera kutali amabwera kudzaphunzira momwe mfumu ndi anthu ake asungira nsomba popanda kudikira boma. Dipuloma ya ku Salima yopanda Mbenji ine sindingaisayine. Koma taonani apa, mwambo wa pachilumbapo salola amayi kufikapo. Komiti ya abambo okhaokha idzalemba kuti ulendo wa ku Mbenji, mamalikisi 20, n'kuiwala kuti theka la kalasi ndi atsikana. Ndiye pamafunika munthu ngati inu mu komitimo woti anene kuti ntchito yopatsa mamalikisi ichitikire kumtunda pagombe, komwe aliyense angacheze ndi asodzi, a komiti ndi amayi ogula nsomba, ndipo za mwambowo zikhale zokambirana m'kalasi. Musadziderere kuti muli ndi zaka ziwiri zokha.

Tsopano pomwe ma curriculum ambiri abwino amafera. Pa pepala timalemba kuti theka ndi practical, koma dizilo akakwera kapena fizi ikachedwa, choyamba kudulidwa ndi ulendo wa ku field, ndipo amadula ndi wa akaunti, osati senate. Mankhwala ake ndi kumanga field ku ma credit. Mawerengedwe omwe afala m'mayiko a SADC ndi akuti credit imodzi ndi maola 10 a ntchito ya wophunzira, kuphatikiza kalasi, kuwerenga payekha ndi mayeso. Ndiye musalembe kuti ana azipita ku field mpata ukapezeka. Lembani kosi yakeyake, ma credit ake, masiku ake, mamalikisi ake, yoti mwana akapanda kuichita samaliza. Mukatero kudula ulendo kwasanduka kusintha curriculum, ndipo kusintha curriculum kumadzera ku Academic Board, wa akaunti payekha sangathe. Kumapeto kwa chikalatacho muikeko tsamba la mtengo, minibasi kangati pa semesita, zida ziti chaka choyamba, ziti chachiwiri, kuti a director asayine akudziwa chomwe akulowa. Walira mvula walira matope. Attachment nayo chimodzimodzi, mulembe kuti ndi masabata angati, akamuyendera ndani, ndalama yoyenderayo ichokera kuti, apo ayi ana amakathera miyezi itatu akufotokopa mapepala ndi kugulira mabwana chips.

Osaopanso kuti zida n'zodula zonse. Secchi disk, kambale koyezera kuyera kwa madzi kaja, ife tinapanga ndi chivindikiro cha ndowa, kuchidula masentimita 20, kupenta zigawo zakuda ndi zoyera, bawuti yolemera pansi, chingwe choika mfundo. Ndimakumbukira mtsikana wina amene m'kalasi samatsegula pakamwa, ali chogwada m'bwato m'mawa dzuwa lisanapse, akutsitsa chingwe pang'onopang'ono mpaka kambale kazimiririka, n'kukuwa nambala yake mnzake akulemba. Titayandikira pomwe mtsinje umathira m'nyanja kambale kanasowa chingwe chisanapite n'komwe, iye anatembenuka n'kundifunsa kuti "Sir, ndiye dothi lonseli likuchokera m'minda ya kwathu?" Phunziro lomwe ndinalikonzera maola awiri linathera pomwepo. Koma pH mita, ya oxygen ndi ma microscope angapo, zimenezo gulani zenizeni, ndipo mu bajeti musaiwale madzi ake oikonzera mita kuti iziwerenga zoona, poti ambiri amagula mita n'kuiwala zimenezo, pakatha miyezi ingapo imayamba kunama ana n'kumakopera bodzalo mu lipoti.

Ndisakunamizeni kuti mavuto onse ndi a director. Ophunzitsafe tili ndi matenda athu. Mu komiti mudzapeza mkulu woumirira kuti kosi yake ikhale ya chaka chonse, mukafufuza mupeza kuti nkhani ndi maola, poti part-time amalipidwa pa ola. Mudzapeza wina wofuna makosi 9 pa semesita kuti aliyense apeze pogwira, ana n'kumangothamanga kuchoka mayeso awa kupita awo osagwira kanthu. Mudzapezanso kosi yolembedwa dzina la munthu amene amabwera kuchokera ku Lilongwe Loweruka lokha, kwinaku akuphunzitsanso makoleji ena awiri, mapanga awiri avumbwitsa, semesita ikafika pakati foni yake siipezekanso. Funso lothetsa zonsezi ndi lomwe lija, kosi imeneyi ikuyankha dandaulo liti mu kope? Ndipo kosi iliyonse yofunikira ikhale ndi munthu wokhazikika woti angaiphunzitse, amene pepala lake lili pamwamba pa lomwe anawo akufuna. Ngati mulibe wa GIS, luso lopanga mapu pa kompyuta, nenani poyera kuti tilembe munthu, musabise poika dzina la msuweni wa wina amene CV yake munangoibwereka.

Za maminitsi tsopano. Pa mkumano woyamba akafunsa kuti alembe ndani, anthu amayang'ana pansi, inu kwezani dzanja. Ntchito yotopetsa koma mphamvu ili pamenepo. Lembani tsiku, omwe analipo, chomwe chagwirizanidwa, ndipo wina akatsutsa mulembe kuti watsutsa ndi chifukwa chake. Tumizani kwa onse pa imelo, osati pa WhatsApp pokha pomwe uthenga umafufutika, ndipo mkumano wotsatira uyambe ndi kuwavomereza wapampando asayine. Zolamula za pakamwa muziziyankha ndi kalata yaulemu, "bwana, monga munanenera dzulo kuti tichotse practical ya chaka chachiwiri, ndimati nditsimikize kuti ndiike pa ajenda ya Academic Board". Mudzadabwa kuchuluka kwa malamulo omwe amasungunuka akangomva kuti alembedwa. Mupemphenso kuti mu komiti mukhale woimira ophunzira, ndi munthu mmodzi wakunja, kaya wa ku khonsolo ya boma kaya lecturer wa koleji ina, chifukwa pakakhala mlendo anthu amachita manyazi kupanga zinthu za chibwana.

Ndondomeko yomweyi idzakutetezani pa mayeso, komwe kuli mayesero aakulu kuposa a curriculum. Tsiku lina adzakuitanani kuti mwana uyu bambo ake amalipira fizi pa nthawi yake, tamuonereni pa 38 pamenepa. Ngati mamalikisi amadutsa pa mkumano wa dipatimenti, pali moderation, kuunikana machongedwe, pali external examiner, wounika mayeso wochokera kunja kwa koleji, ndipo Academic Board ndiyo imatulutsa zotsatira, inu mumangoti pepani bwana, zachoka kale m'manja mwanga. Ndiye malamulo a mayeso alembedwe limodzi ndi curriculum, komanso mulembemo kuti pakatha zaka zingati mudzakhalanso pansi kuiunika, ndipo ana oyamba akamaliza musunge manambala awo, ndi amene adzakuuzeni zoona za zomwe zinawathandiza ndi zomwe zinangowatayitsa nthawi.

Za ntchito yanu ndisakupakeni mafuta. Employment Act ya 2000 imati munthu sachotsedwa popanda chifukwa chomveka ndiponso asanapatsidwe mpata wodziteteza, ndipo Industrial Relations Court ilipo. Koma tonse tikudziwa kuti ngati muli pa kontirakiti ya chaka, safunika kukuchotsani, amangokhala chete ikatha. Ndiye musapite nokha, ndipo musapite ndi mawu oti ayi okhaokha. Kambiranani kaye ndi anzanu a mu komiti mmodzimmodzi, kunja kwa mkumano, kuti pofika tsikulo mawu akhale a komiti osati a mayi uja wovuta uja. Kwa a director musakayambe ndi za ufulu wa ophunzitsa, zimenezo sizikawalowa. Kayambeni ndi ndalama, poti ndi chilankhulo chawo, kuti bwana tikathamanga ndi iyi odzayendera akaikana, ndalama yomwe mwalipira yapita, ana adzafuna fizi yawo, ndipo dzina la koleji lidzamveka pa wailesi. Kenako muwapatse njira, kuti tipatseni semesita imodzi, masabata awiri oyenda, mwezi wolemba, mkumano umodzi ndi anthu akunja, kenako Academic Board, kenako NCHE. Ngati akufunitsitsa kuti pakhale kolowetsa ndalama msanga, funsani kaye ku NCHE za kosi yaifupi ya masabata ochepa, monga ya GIS kapena ya nazale, yolembedwa poyera kuti si dipuloma.

Chikalata chawocho musachitaye, pitani nacho ku mkumano mutachiwerenga tsamba ndi tsamba, pensulo ili m'manja. Mukafika pa kosi ya malamulo mutsegule pamaso pawo, muloze dzina la bungwe lomwe latchulidwapo, muwafunse mwaulemu kuti bwana, ana akafuna attachment kumeneku, ofesi yake ili pati ku Lilongwe?